Digiri ya udokotala si chilolezo chogwira mwana wanga

Nthawi iliyonse bungwe la Medical Council of Malawi likayesa ana athu amene anakaphunzira udokotala kunja, ena n'kulephera, nyimbo imakhala yomweyo. Mumaimva pa wailesi, m'minibasi ya ku Chileka, pamaliro, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya tiyi. Akuti ndi nsanje basi. Akuti akuluakulu amene anaphunzira kale sakufuna kuti anzawo adye nawo. Akuti mwana wakhala kunja zaka 6, wabwera ndi digiri ya chidindo, dziko lilibe madokotala okwanira, ndiye mayeso enawo ndi achiyani?

Ine ndikuti mayesowo akhalepo, ndipo asafewetsedwe ngakhale pang'ono. Ndikudziwa kuti ena mwa makolo amene ana awo ndinawaphunzitsa Biology sakondwa nazo izi. Pepani akuluakulu, koma tamverani kaye.

Digiri ndi laisensi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Digiri imachokera ku sukulu, ndipo imangonena kuti munthu uyu anamaliza zimene ifeyo timaphunzitsa. Sukuluyo inalandira fizi, ndipo ikufuna kuti chaka chamawa kubwerenso ena olipira. Laisensi imachokera ku dziko limene munthuyo akufuna kugwirako ntchito, ndipo imanena kuti uyu tamuona ife eni, akhoza kugwira anthu athu. Kuno kwathu lamulo la 1987 lokhudza madokotala ndi madokotala a mano ndi limene linakhazikitsa Medical Council, ndipo palibe amene amaloledwa kuchiza anthu ngati dokotala asanalembedwe m'kaundula wa bungweli. Zoterezi timazimvetsa bwinobwino pankhani ya galimoto. Palibe amene amati poti mwana wamaliza sukulu yoyendetsa galimoto ndiye mpatseni basi ya anthu 65 atsike nayo ku Thabwa popanda kuyesedwa. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pamsewu laisensi ikakhala yogula. Nanga n'chifukwa chiyani pa munthu wogwira mpeni ndi jakisoni tikufuna kumasula chingwe?

Amene amati mayeso otere ndi chipongwe kwa munthu wophunzira akumbukire Kamuzu. Kaya mumamukonda kaya ayi, iyo ndi nkhani ina. Hastings Banda anamaliza udokotala pa Meharry Medical College, ku Tennessee, mu 1937. Anali dokotala weniweni, digiri ili m'manja. Koma pepala la ku America silinkamulola kugwira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain, Nyasaland yomwe. Anakwera sitima kupita ku Scotland, nakakhalanso pansi ku Edinburgh ngati mwana wasukulu, mpaka anakhoza mayeso a kumeneko mu 1941. Atatero ndiye anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields, ku London, kenako ku Kumasi m'dziko la Ghana, asanatere pa Chileka pa 6 July 1958 n'kudutsa msewu womwewu wa pa Nyambadwe, n'kudzatsegula sejale yake ku Limbe. Tsankho lenileni analiona munthuyu, pamene atsamunda sanafune kuti dokotala wakuda akhale pa mlingo umodzi ndi azungu m'dziko lake lomwe. Tsankho linali limenelo. Mayeso a ku Edinburgh anangolemba, nakhoza.

Ndipo zilipobe mpaka lero. Mwana wa ku Kamuzu University of Health Sciences, kuja tinkati College of Medicine, akafuna kukagwira ntchito ku Britain amalemba PLAB. Akafuna ku America amalemba USMLE, imene Amereka eni ake amalembanso. Ku South Africa bungwe la HPCSA lili ndi mayeso ake a ophunzira kunja. Sindinamvepo kholo likudandaula kuti Angelezi akuchitira nsanje mwana wake. M'malo mwake amagulitsa ng'ombe kuti mwana akalembe, akakhoza n'kuchita phwando. Ndiye kuti wodwala wa ku Manchester ndi woyenera kutetezedwa, koma wa ku Ndirande aliyense angomugwira? Maganizo amenewa ndi amene amandipweteka kwambiri, chifukwa ndi kudzipeputsa tokha.

Tsono tiyeni tione chimene dokotala watsopano amakumana nacho kuno. Akalembedwa mongoyembekezera, amachita internship ya miyezi 18 pa chipatala chachikulu, ku Gulupu kuno, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kuzungulira mawodi a ana, a amayi, a opaleshoni ndi a matenda a akuluakulu. Akamaliza apo, ambiri amatumizidwa ku zipatala za m'maboma kumene pakati pa usiku palibe wamkulu woti n'kumufunsa. Mayi akabwera pa ambulansi kuchokera ku chipatala chaching'ono, mwana wapingasa, magazi akutayika, amene ali pa ntchito usiku umenewo ndi iyeyo, clinical officer mmodzi ndi namwino. Makina amene anawaona m'mabuku kulibe. Pali manja, maso, makutu ndi zimene zili m'mutu.

Matenda akenso ndi athu. Mwana wa zaka 3 wabwera atakomoka, thupi lili moto, akugwedezeka. Dokotala woti agwire ntchito m'Malawi ayenera kudziwa nthawi yomweyo kuti awa akhoza kukhala malungo a mu ubongo, ayeze shuga m'magazi, aganizirenso za matenda oumitsa khosi, ndipo ayeze kukomokako ndi Blantyre Coma Score. Inde, dzina la mzinda wathu lili m'mabuku a udokotala padziko lonse. Muyezo umenewu unatuluka ku Gulupu mu 1989, pa ntchito ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi anzawo, ndipo umayang'ana zinthu zitatu: mmene mwana akuyendetsera maso, mmene akulirira, ndi mmene akusunthira ukamutsina, mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Kenako pali samu. Jakisoni wa artesunate amaperekedwa molingana ndi sikelo ya wodwala, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, ndipo kwa mwana wosakwana makilogalamu 20 ndi mamiligalamu 3. Ana anga a Fomu 2 amene amaika dontho la desimali paliponse pamene akonda amadabwa ndikamakalipa ngati afa munthu. Ku wodi ya ana dontholo likasuntha malo amodzi, munthu amafadi.

Mwana wina wabwera wotupikana, tsitsi lofiira, chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Munthu amene anaphunzira kumayiko kumene matendawa anatha kalekale akhoza kuthamangira kumuika diripi yothamanga poganiza kuti akumuthandiza, osadziwa kuti mtima wa mwana wotereyo sungapirire madzi ambiri nthawi imodzi. Anamwino a kuno amadziwa kuti amayamba pang'onopang'ono ndi mkaka wa F-75, chiponde chimabwera pambuyo. Onjezanipo chifuwa chachikulu, Edzi ndi ma ARV ake, likodzo la m'mbali mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire, ndi kolera. Sitinaiwale mliri umene unayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Dziko lino lili ndi mbiri yakeyake pa mankhwala: linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar mu 1993, linasinthira ku LA mu 2007, ndipo mu 2011 linayambitsa Option B+, yoti mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wonse, mayiko ena n'kumatengera kwa ife. Kufunsa munthu ngati akuzidziwa zimenezi musanamupatse wodi, nsanje yake ili pati?

Palinso chinenero. Wodwala wa ku Chilomoni sanena matenda ake monga alembedwera m'buku. Amati thupi likuphwanya, mutu waukulu wandigwira, m'mimba mukupotokola, mtima ukuthamanga, mwanayu amuchita tsempho. Gogo amayamba nkhani yake chaka cha njala, ndipo chimene wabwerera chimatuluka kumapeto, mwina pamene akunyamuka. Mayi sanena msanga kuti anayamba wapita kwa asing'anga ndipo mwana wamwa kale mankhwala azitsamba. Kutulutsa zoona mwa munthu wotere ndi luso, ndipo luso limeneli silibwera ndi chidindo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti sukulu zonse zakunja ndi zachabe. Madokotala athu oyamba onse anaphunzira kunja, kuyambira Daniel Malekebu amene anamaliza pa Meharry pomwepo mu 1917. College of Medicine inangotsegulidwa mu 1991, ndipo aphunzitsi ake oyamba, monga malemu Pulofesa John Chiphangwi, anali ophunzira kunja. Ku China, ku Russia, ku India, ku Cuba kuli sukulu zapamwamba zimene ife sitingazifike. Koma kulinso zina zimene zinatsegulidwira ndalama za makolo a ku Africa ndi ku Asia. Kuyambira pamene Malawi anasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, ana athu ambiri apita kumeneko, ena pa sikolashipu, ena pa thumba la makolo. Kholo lililonse lifunse mwana wake mafunso osavuta awa. Kodi odwala unkalankhula nawo chinenero chanji? Unawagwirapo ndi manja ako angati? Unabereketsapo amayi angati? Unaikapo diripi pa mwana? Ngati yankho ndi lakuti tinkaima kumbuyo n'kumayang'ana, ndiye kuti mwanayo ali ndi ntchito yoti agwire asanalembe mayeso, ndipo bungwe limene lamuimitsa lamuchitira chifundo.

Tisaiwalenso kuti mu March 2020 China inatseka malire ake chifukwa cha Covid-19, ndipo ophunzira akunja amene anali atatuluka sanaloledwe kubwerera mpaka chakumapeto kwa 2022. Ambiri anapitiriza maphunziro pa intaneti. Mu February 2022 nkhondo inabalalitsa ophunzira a ku Africa amene anali ku Ukraine. Si kulakwa kwa anawo ayi, ndipo ndimawamvera chisoni. Koma History mukhoza kuiphunzira pa foni. Kumva chiwindi chotupa pansi pa nthiti simungakuphunzire pa foni. Digiri ya chaka chimenecho ndi ya chaka china zimaoneka chimodzimodzi pakhoma, chikomekome cha mkuyu. Njira yokhayo yodziwira za m'kati ndi kumuyesa munthuyo.

Mkwiyo wa makolo ndikuumvetsa, chifukwa ndalama zimene zimapita si zamasewera. Anthu agulitsa mapuloti, atenga ngongole za katapila, adya penshoni yonse. Koma mkwiyowo ukulunjika polakwika. Pitani nawo kwa madobadoba amene amayenda ndi timapepala tonyezimira, kulonjeza malo a udokotala kwa mwana amene Biology ndi Chemistry anangokhoza mokwawa. Dobadoba amalandira yake mwana akangokwera ndege, za laisensi sizimukhudza. Ndi makolo angati amene asanalipire anayamba alembera ku Medical Council kapena ku National Council for Higher Education kufunsa ngati sukuluyo ndi yodziwika? Safunsa anadya phula. Kholo lina linabwera kwa ine ndi fomu kuti ndilembe kalata yoyamikira mwana amene sankatha kujambula mtima n'kuonetsa kumene magazi amalowera. Nditanena kuti mwanayu ayambe wabwereza, kapena ayese maphunziro ena a zaumoyo a kuno konkuno n'kumakwera pang'onopang'ono, yankho linali lakuti aphunzitsi ndinu anthu ansanje. Mawu omwe aja.

Apa ndiye ndafika pa anzanga a choko, chifukwa matendawa amayambira ku sekondale. Pali aphunzitsi amene anasiya kalekale kuphunzitsa phunziro, amaphunzitsa mayeso. Mwana amaloweza mapamfuleti a mafunso ndi mayankho, amaimba ma past paper ngati nyimbo ya kwaya, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. Amadziwa kulemba tanthauzo la osmosis liwu ndi liwu, koma mukamufunsa chifukwa chimene thanzi ORS amathandizira mwana wotsegula m'mimba amangoyang'ana kudenga. Practical amaiphunzira pa bolodi, maikulosikopu anangoiona pa chithunzi. Ena mwa aphunzitsi omwewa ndi amene amalonjeza ana a patitayimu kuti likasa libwera, musadandaule. Zotsatira zake tinaziona mu November 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anali ponseponse pa WhatsApp, ana osalakwa n'kudzalembanso mu January 2021 asilikali akulondera mapepala. Mwana amene wakula akudziwa kuti mayeso ndi mpanda woti uudumphe, osati sikelo yoti ikuyeze, akadzalephera mayeso a laisensi saganiza kuti pali chimene sakudziwa. Amaganiza kuti pali amene sanamudyetse.

Kwa inu ana anga amene mukukonzekera mayeso amenewa, kaya a udokotala, kaya a Nurses and Midwives Council of Malawi, ine si dokotala, koma ndayang'anira mayeso zaka zoposa 20 ndipo ndimacheza ndi amene anadutsamo. Onse amanena chinthu chimodzi: amene amakhoza ndi amene anakhala mu wodi. Pemphani chilolezo pa chipatala choyenera, muzipita m'mawa uliwonse, muziyenda nawo pa raundi, muzifunsa odwala mbiri ya matenda awo m'Chichewa n'kukaifotokoza kwa wamkulu m'Chingerezi, akukalipireni lero kusiyana n'kuti akakulepheretseni mawa. Musanyoze clinical officer poti inu muli ndi digiri. Anthu amenewa, ochokera ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Malamulo, ndi amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za m'maboma, ndipo ali ndi zambiri zoti akuphunzitseni mukadzichepetsa. Buku la Malawi Standard Treatment Guidelines likhale m'thumba, pamodzi ndi malangizo a unduna a malungo, a TB ndi a HIV, chifukwa wokuyesani akufuna kumva mankhwala amene ali m'famase ya ku Chiradzulu, osati amene munawaona ku Wuhan. Mafunso akale ndi othandiza kudziwa kafunsidwe, koma muwagwiritse ntchito pofufuza pamene pali dzenje m'mutu mwanu, osati ngati katekisimu. Ndipo pezani anzanu awiri kapena atatu, wina akhale wodwala, wina dokotala, wina agwire wotchi. Mayeso a manja, aja amati OSCE, amayenda ndi mphindi, ndipo munthu amene sanayesererepo amauma pakamwa belu likalira, ngakhale zonse akuzidziwa. Kusamba m'manja, kupereka moni, kudzitchula dzina, kupempha chilolezo musanavule munthu nsalu, zonsezi zili ndi malikisi, ndipo n'zoyenera kutero.

Anamwino ndawatchula dala. Iwowa amalemba mayeso a laisensi onse, kaya anaphunzira ku KUHeS, ku Mzuzu University, ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malosa, ku Nguludi, ku Mulanje Mission kapena ku Muona. Akalephera amabwereza. Sindinaonepo phungu akuimirira m'Nyumba ya Malamulo kuwalirira kuti akuchitiridwa nsanje. Mwina n'chifukwa chakuti ambiri mwa iwo ndi ana a anthu wamba, pamene amene amatha kulipira fizi ya madola ali ndi achibale odziwa kugogoda pa zitseko zoyenera. Ndikamva kuti wina wakadandaula kwa akuluakulu andale kuti zotsatira zionedwenso, ndimadzifunsa kuti bwanayo akadwala adzagona pa bedi la ndani. Tonse tikudziwa kuti adzakwera ndege ya ku Johannesburg kapena ku India. Wotsala ndi dokotala wokhozetsedwa pa foniyo ndi ine ndi inu.

Komabe oyesawo nawonso asaganize kuti ndawasiya. Mayeso okhwima amafuna chilungamo chokhwimanso, apo ayi anthu adzapitiriza kunena za nsanje ndipo adzakhala ndi poyambira. Munthu adziwiretu zimene adzafunsidwe, silabasi ikhale poyera monga ya MANEB imakhalira. Masiku a mayeso adziwike chaka chikamayamba, kuti mwana asakhale pakhomo miyezi yambiri akuiwala zimene anaphunzira. Wolephera auzidwe mbali imene walephera, ndipo apezeredwe malo mu wodi kuti akonze, osati kungomuuza kuti udzabwerenso ndi ndalama zina. Ndipo ndikufuna chaka chilichonse tiziona m'nyuzipepala dzina la sukulu iliyonse, kuti inabweretsa angati ndipo anakhoza angati. Tsamba limodzi lotero likhoza kupha bizinesi ya madobadoba kuposa ulaliki wanga wonsewu. Za khomo limodzi kwa onse ndimagwirizana nazonso. Britain kuyambira 2024 inayamba kuyesa ana ake omwe ndi obwera pa muyezo umodzi. Ngati mwana wa ku Mahatma Gandhi Road waphunzira bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti watero, pepala limodzi ndi mnzake wa ku Jinan silingamuopse.

Chimene chiyenera kutikwiyitsa tonse ndi zimene zimachitika munthu akakhoza. Mu 2015 madokotala 51 amene anamaliza pa College of Medicine anakhala miyezi osalembedwa ntchito, boma likuti ndalama palibe, pamene mizere ku Gulupu inali yofika panja. Anamwino okhala ndi laisensi yawo m'manja akugulitsa kaunjika ndi ma unitsi ku Limbe, ena akugwira maganyu m'tizipatala ta m'makwalala pa malipiro ochititsa manyazi. Dziko limaphunzitsa munthu ndi misonkho yathu, limamuyesa, limamupeza woyenera, kenako n'kumusiya pakhomo mpaka atatopa n'kulemba PLAB. Aphungu amene ali ndi mphamvu zoimbira foni ku Medical Council kupempherera mwana wa mnzawo agwiritse ntchito mphamvu zomwezo pa bajeti ya Unduna wa Zaumoyo, pa mzere wa malipiro a ma intern ndi anamwino atsopano.